BELU LIKALEKA KULIRA

Pa tchuthi chachikulu cha chaka chatha, ndili kwathu ku Ntchisi, azakhali anga anandipeza ndikuchapa malaya a sukulu kuseri kwa nkhokwe. Atakhala pamtondo anandifunsa kuti, "Kodi iwe, sukulu yakoyi idzatha liti? Ana a anzathu amathera Fomu 4. Chaka chino unati uli Fomu 5, ine ndinangokhala chete. Nanga tsopano ukubwereranso kukatani?" Ndinayankha mwaulemu kuti, "Zakhali, ndikukalowa Fomu 6." Iwo anagwira pakamwa nati, "Mayo ine! Ndiye kuti unalephera kawiri?"

Tsiku limenelo ndinaseka kwambiri. Sindinadziwe kuti pasanathe miyezi itatu mawu a azakhaliwo adzatsala pang'ono kusanduka oona. Chifukwa chake ndapempha malo m'magazini athu ano kuti ndilankhule ndi inu anzanga a Fomu 5, amene mudzalemba mayeso anu mu Meyi ndi Juni. Ine sindine katswiri wolemba, ndiponso zimene ndikusimba pano si zonyaditsa ayi, koma ndi bwino kuti amene wagwa m'dzenje awauze obwera m'mbuyo pamene pali dzenjelo.

Poyamba ndinene kuti azakhali sanalakwe kudabwa. M'sukulu zambiri za m'Malawi muno maphunziro a sekondale amathera Fomu 4, pamene ophunzira amalemba mayeso a MSCE a bungwe la MANEB. Ndi sukulu zowerengeka zokha, monga Kamuzu Academy ya ku Mtunthama imene inatsegulidwa mu 1981, ndi ino yathu, zimene zimatsata mayeso a Cambridge: IGCSE pomaliza Fomu 5, kenaka zaka ziwiri zina, Lower Six ndi Upper Six, zokonzekera A Level. Dzina lakuti Fomu 6 linachokera ku Mangalande, kumene zaka ziwiri zomalizazi amaziwerenga ngati kalasi limodzi. Kumenekonso ndi kumene mayeso a A Level anayambira mu 1951.

Amene anandiwombola kwa azakhali anali agogo anga aamuna, amene anali mphunzitsi wa pulayimale masiku awo. Iwo anafotokoza kuti pa ubwana wawo dziko lonse la Nyasalande linali ndi sukulu za sekondale zongowerengeka pa zala: ya Blantyre inayamba mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya Dedza mu 1951. Ofuna kupitirira ankadumpha malire, monga anachitira Henry Masauko Chipembere, amene atachoka ku Blantyre Secondary School anapita ku Goromonzi m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, kenaka ku Fort Hare ku South Africa. Koleji ya ku Salisbury itayamba kulandira ophunzira mu 1957 inkafuna anthu a A Level. Koma Yunivesite ya Malawi itatsegula zitseko ku Chichiri mu 1965 inayamba kutenga ophunzira ochokera Fomu 4, ndipo pang'onopang'ono Fomu 6 inatsala m'sukulu zochepa. Pomaliza agogo ananditembenukira nati, "Koma uchenjere mdzukulu wanga, kumeneko sakakutsata ndi mkwapulo." Ine ndinayesa akundiyamikira mwayi.

Inu a Fomu 5 ndikudziwa mmene mumatiyang'anira, pakuti inenso ndinkawayang'ana motero akuluakulu a chaka chatha. Ndinkasirira tayi yawo ya mtundu wina, zipinda zawo zogona awiriawiri, ndi magetsi awo amene ankazima mochedwa. Koposa zonse ndinkasirira kuwaona akuyenda pang'onopang'ono pabwalo, buku limodzi lokha m'khwapa, ife tikuthamangira belu ngati mbuzi zomva mvula. Mumtima ndinkati, tsiku lina inenso ndidzapuma. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma ine ndinkaona mvula yokha.

Taganizani moyo umene muli nawo tsopano. Belu likudzutsani m'mamawa, belu likuitanirani ku phala, belu likulowetsani m'kalasi ndi kukutulutsani, belu likukhazikani pa pulepu madzulo, ndipo belu lomwelo likugonekani. Pa zaka zisanu simunafunikepo kudzifunsa kuti, "Kodi ola lino ndichite chiyani?" popeza chitsulo chija chimakuganizirani. Maphunziro anu ndi asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, ndipo pa ndandanda yanu ya nthawi palibe kabokosi n'kamodzi komwe kopanda dzina la mphunzitsi.

Tsiku loyamba la Lower Six, mu Seputembala, anatipatsa ndandanda yatsopano. Ine ndinali nditasankha maphunziro anayi: Masamu, Fizikisi, Kemisitiri ndi Bayoloje. Nditayang'ana pepala lija ndinaona timabokosi 11 topanda kanthu pa sabata imodzi. Aphunzitsi anati amenewo ndi maola owerenga pawekha, koma tisanafike ndi ku hositelo komwe tinali titawapatsa kale dzina lina: maola aulere. Ha, chimwemwe chake! Kuseri kwa hositelo yathu kuli mtengo wa mango, ndipo pansi pake pali bawo limene ophunzira akale anakumba. Pamenepo ndi pamene panasanduka kalasi langa lachisanu. Bawo likatitopetsa tinkatsutsana za Bullets ndi Wanderers mpaka mawu kusasa, ndipo dzuwa la Okutobala likawawa ndinkangokagona. Palibe anandiitana, palibe anandilemba dzina, palibe anandipatsa chilango chotchetcha udzu. Ndinkati kumeneku ndiye kukula.

Chinandipusitsa china ndi ichi: pa mayeso a IGCSE ndinapeza A* pa Kemisitiri, ndipo ndinkadziyesa mwini wake wa phunzirolo. Njira yanga inali yapafupi. Aphunzitsi ankalemba manotsi pabolodi, ine n'kukopera, n'kuloweza, n'kuyankha mapepala a zaka zam'mbuyo kufikira mafunso onse atasanduka nkhope zodziwika. Njira imeneyi inandiwolotsa bwino, chotero sindinaone chifukwa choisinthira.

Sabata yoyamba yomwe aphunzitsi athu a Kemisitiri anafunsa kuti, "Ndani angatiuze mmene maelekitironi a sodium amakhalira?" Ndinaimika mkono msangamsanga ndi kuyankha monyada kuti 2, 8, 1. Iwo anamwetulira nati, "Wakhoza, ukanakhala mu Fomu 5." Kenaka analemba pabolodi 1s² 2s² 2p⁶ 3s¹, nafotokoza kuti timizere tozungulira tija tinkajambula tili ndi zipinda zina m'kati mwake. Mnzanga wina anafunsa modandaula kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti zija tinaphunzira zinali zabodza?" Iwo anati, "Iyayi. Zinali ngati mapu a Malawi ojambula mwana wa Sitandade 4: nyanja ilipo, mizinda itatu ilipo, koma sungayende nawo ulendo. Zaka ziwiri zino tiikamo misewu ndi milatho." Atatero anatchula mutu wa m'buku woti tikawerenge tisanakumanenso, natuluka. Manotsi pabolodi panalibe.

Ine mutu uja sindinauwerenge. Ndinkadikira kuti tsiku lina adzatopa n'kuyamba kutilembera, monga kamwana ka mbalame kamayasamira kudikira make. Koma tsiku lililonse iwo ankayambira pamene buku lalekezera, kufunsa mafunso a "chifukwa chiyani" ndi "bwanji zikanakhala motere", ndipo ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva. Ku Masamu zinali chimodzimodzi. Titayamba calculus ndinapeza kuti mfundo yatsopanoyo ndikuimva ndithu, koma ndikugwa pa algebra ya Fomu 4, imene ndinaitaya tsiku lomwe ndinatuluka m'chipinda cha mayeso.

Ku labotale ndiye kunali manyazi enieni. Pa AS, ndiko kuti mayeso a chaka choyambachi, pali pepala la maola awiri lochita ndi manja, ndipo ntchito ina yodziwika ndi titration: kudontheza mankhwala ena kuchokera mu burette kufikira madzi a m'botolo asintha mtundu. Muyeso uyenera kuwerengedwa kufikira 0.05 cm³, ndipo uyenera kubwereza kufikira miyeso iwiri itayandikana, yosasiyana koposa 0.10 cm³. Anzanga amene anawerenga malangizo usiku wake anamaliza modekha. Ine ndinapeza 24.30, kenaka 25.85, kenaka 23.10, ndipo madzi anga anafiira ngati thobwa la mawere. Pofika powerengera ma mole ndinazindikira kuti nambala ija ya 6.02 × 10²³, imene ndinailoweza bwino lomwe, sindinadziwepo chimene imawerenga.

Pakati pa teremu tinalemba mayeso. Pepala la Kemisitiri litabwera, pamwamba pake panali 28 pa 100. Kalanga ine! Ndinalipinda kanayi ndi kulibisa m'sutikesi pansi pa bulangete, ndipo anzanga akafunsa ndinkati, "Zayenda choncho." Kupita kwa aphunzitsi ndinkachita manyazi, pakuti ndinali yemwe uja woimika mkono tsiku loyamba. Ndinaiwala kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma lipoti silibisika m'sutikesi. Ngakhale gawo lalikulu la fizi yanga limachokera ku thumba lothandiza ophunzira, lotsalalo amalipira malume anga, amene ndi mwini mbumba kwathu, ndipo lipoti limapita kwa iwo. Tsiku loona ana anafika pa minibasi atanyamula chiponde, shuga ndi mbatata zowotcha zochokera kwa amayi. Tinakhala pa benchi pafupi ndi chipata. Ndinayembekeza kukalipiridwa, koma iwo sanatchule za 28 uja. Anangoti, "Mphwanga, tandionetsa pepala limene limanena zochita zanu tsiku ndi tsiku." Nditawapatsa anayendetsa chala pang'onopang'ono, naima pa kabokosi kopanda kanthu. "Apa umachita chiyani?" Ndinati, "Timawerenga patokha, malume." Anapita pa kena. "Nanga apa?" Anafunsa motero kufikira timabokosi tonse 11 titatha, ndipo mawu anga ankachepera pa kabokosi kalikonse.

Pamenepo anapinda pepala lija nati, "Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Kumeneko kunali chitsulo chopachika pamtengo. Kapitawo akachimenya timadzuka, akachimenyanso timaweruka. Nditabwerera kumudzi n'kupatsidwa munda wangawanga, m'mawa woyamba ndinadzuka dzuwa lili pamutu, chifukwa panalibe wondimenyera chitsulo. Chaka chimenecho ndinakolola nsongole. Munda wako ukakhala wako, chitsulo chimayenera kukhala muno." Anadziloza pachifuwa.

Pofuna kuthawa nkhaniyo ndinafunsa za kumudzi: mvula, mbewu, ndi ng'ombe ziwiri zija zokoka ngolo zimene ndinkaziweta pa tchuthi. Malume anayang'ana kumbali nati, "Yatsala imodzi. Inayo tinagulitsa mu Ogasiti." Sananene chifukwa chake, ndipo ine sindinafunse, popeza ndimadziwa mwezi umene fizi ya teremu yoyamba imalipiridwa. Ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Ndiye kuti nthawi yonse imene ine ndinkatakata pabawo, manyowa ndi zokolola za kwathu zinkayenda pamutu pa amayi ndi alongo anga. Usiku umenewo nsima sinalowe.

M'mawa mwake ndinatulutsa pepala lija m'sutikesi ndi kukagogoda ku ofesi ya aphunzitsi a Kemisitiri. Ndinati, "Aphunzitsi, ndasochera, ndipo sindikudziwa pamene ndinasocherera." Iwo sanakwiye. Anati, "Khala pansi mwanawe. Ndakhala ndikukudikira masabata asanu ndi limodzi. Mu Fomu 6 mphunzitsi sathamangitsa mwana. Chitseko chimangokhala chotsegula." Zimene anandilangiza tsiku limenelo, pamodzi ndi zimene ndaphunzira poziyesa, ndi izi.

Choyamba, anandiuza kuti ola lililonse la m'kalasi lili ndi mnzake wa pawekha. Tinatenga pensulo ndi kudzaza timabokosi tonse tija, kulemba phunziro, ntchito yake ndi malo ake: osati "kuwerenga" chabe, koma "Masamu, mafunso khumi, ku laibulale". Ndapeza kuti malo ndi ofunika kwambiri. Ndikangoti ndikawerengera kuchipinda, bedi limandiitana, ndipo silinalepherepo.

Chachiwiri, kuwerenga mutu aphunzitsi asanauphunzitse, ngakhale usakumveka. Umalowa m'kalasi uli ndi mafunso ako, ndipo phunziro limakhala yankho. Manotsi umalemba wekha, m'mawu ako, buku litatsekedwa. Pamene cholembera chaima, pamenepo ndi pamene sunamve.

Chachitatu, kukhala ndi silabasi yakoyako. A Cambridge amasindikiza silabasi ya phunziro lililonse, yonena zonse zimene wolemba mayeso ayenera kudziwa. Kale ndinkayesa kuti limeneli ndi buku la aphunzitsi okha. Tsopano ndimachonga mfundo iliyonse imene ndingathe kuifotokoza osayang'ana, ndipo zosachonga ndi zimene ndimapita nazo ku ofesi Lachisanu lililonse. Safunsa anadya phula.

Chachinayi, anzako. Atatu mwa ife a pabawo paja tinapangana kuti tizikumana kawiri pa sabata, aliyense aphunzitse anzake mutu umodzi. Palibe chimene chimaulula umbuli msanga ngati kuyesa kufotokozera mnzako amene sakuopa kukufunsa. Bawo sitinalisiye, koma tinalisamutsira Loweruka masana, ndipo kunena zoona limakoma koposa kale.

Ndisabise, zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Pa mayeso otsekera teremu ndinapeza 54 pa Kemisitiri. Si malikisi oti munthu n'kuvinira, koma kuchokera pa 28 ndi ulendo. Chondichititsa manyazi china n'chakuti m'teremu yomweyo anandipatsa udindo woyang'anira pulepu ya Fomu 1, ndipo ndine amene ndimawaimbira belu madzulo. Nthawi zonse ndikagwira chingwe chija ndimakumbukira chala cha malume pachifuwa pawo.

Tsono ndinene pang'ono za kusankha maphunziro, popeza mapepala osankhira adzakufikani posachedwa. Pa A Level munthu amatenga maphunziro atatu kapena anayi okha, ndipo lililonse umakhala nalo pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri. Usasankhe chifukwa mnzako wapamtima wasankha, kapena chifukwa mphunzitsi wake ndi wanthabwala, kapenanso kuti anthu akutame kuti uli ku sayansi. Ine Fizikisi ndinaitenga chifukwa chachitatuchi, ndipo ndi imene ndidzaisiya ndikalemba AS. Yamba wafunsa zimene ntchito imene ukuifuna imalira. Wofuna udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences sangathawe Kemisitiri ndi Bayoloje. Wofuna uinjiniya ku MUBAS sangathawe Masamu ndi Fizikisi. Ndiponso musamvere bodza lakuti Mbiri Yakale kapena Chingerezi ndi kothawira aulesi. Mnzanga wa chipinda chimodzi amatenga zimenezo, ndipo amawerenga mabuku atatu kuti alembe chimangirizo chimodzi, chimene aphunzitsi amachibweza ngati wangosimba zimene zinachitika osaweruza chifukwa chake. Magiredi okhoza A Level amayambira A* kulekezera E, ndipo palibe phunziro limene amagawa ulere.

Za tchuthi chachikulu nazo ndi zofunika. Mukamaliza mayeso mu Juni mudzakhala kwanu pafupifupi miyezi itatu. Pumulani ndithu, thandizani makolo kukolola ndi kutonola. Koma chonde musang'ambe makope anu monga tinachitira ife, kuwaponya m'mwamba kuseri kwa holo ngati tatsazikana ndi sukulu. Makope a maphunziro amene mudzapitirize muwasunge, ndipo amene mudzatenge Masamu muzichitako algebra ngakhale theka la ola patsiku, kuopa kuti ingachite dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula. Musanachoke kabwerekeni buku limodzi la Lower Six ndi kuwerengako mitu iwiri yoyamba. Koposa zonsezi, yambani tsopano lino kudziyesa: sankhani ola limodzi Loweruka, limene palibe belu kapena pulifekiti wokutumani, ndipo mukhale pansi ndi buku. Mukalephera sabata yoyamba musadabwe. Kuli bwino kulepherera pano, pamene mtengo wake ndi ola limodzi, kusiyana ndi kudzalephera mu Okutobala.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi athu onse, ndipo ndikulipereka modzichepetsa, podziwa kuti kugwa kwanga kunali kwa ine mwini. Kodi sikungatheke kuti a Fomu 5 akamaliza mayeso awo atsale sabata imodzi, azikhala nafe m'makalasi ndi ku labotale, kuti aone ndi maso awo mmene phunziro la A Level limayendera asanatsimikize zosankha zawo? Ndiponso aliyense wa ife atapatsidwa mng'ono mmodzi kapena awiri oti aziwayendera m'teremu yawo yoyamba, ndikhulupirira ambiri angavomere mokondwa. Pali zina zimene mwana amaopa kuuza mphunzitsi koma angauze mnzake amene wangodutsa kumene njira yomweyo. Ine ndine woyamba kulembetsa dzina.

Pa tchuthi cha Khirisimasi azakhali anandifunsanso ngati sukulu ija ikuyenda. Ulendo uno sindinaseke. Ndinati, "Zakhali, ndinatsala pang'ono kulephera monga munanenera, koma ndadzuka." Ngolo ya malume ikadali pansi pa mtengo wa msangu, goli lake lili chotsamira pakhoma. Ndinaiyang'ana tsiku lobwerera kuno, ndipo sindinalonjeze kanthu kwa munthu aliyense, chifukwa malonjezo a pakamwa ndinapereka ambiri chaka chatha. Ndinangoonetsetsa kuti ndandanda yanga ya pensulo ili m'thumba la malaya.

Anzanga a Fomu 5, ndikufunirani mafuno abwino pa mayeso anu. Tikuyembekezani mu Seputembala. Tayi yatsopano mudzaipeza, ndipo ndi yokongola ndithu. Koma belu lanu mubwere nalo.

Ndatha ine mnzanu,
Mnyamata wa Lower Six